Mmene Mungakonzere Ulendo wa Nthano m'Nkhalango za Johannesburg Ana Atapentedwa Nkhope

Makolo ambiri a Chimalawi amene akulera ana ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville kapena Cosmo City amafuna kuti anawo amveko nthano za kwathu ali pansi pa mitengo, ndipo ena amaonjezerapo kuwapenta nkhope kuti aoneke ngati Kalulu, kadzidzi kapena Napolo. Ulendo wotere umalephereka pa zifukwa zomwezomwezo nthawi zonse. Gulu limanyamuka dzuwa litakwera kale, penti amasungunuka ndi thukuta n'kulowa m'maso mwa ana, chimvula cha masana chimawapeza ali pamwamba pa phiri, ndipo nthawi zina amakhumudwitsa anthu amene amapemphera kumaloko. Zonsezi zimapeweka ngati mwakonzekera kunyumba.

Zimene muyenera kukhala nazo

Za paulendo:
- nsapato zotseka zokhala ndi mapazi osaterera, masokosi aatali ndi mathalauza
- chipewa cha mlomo waukulu kwa aliyense
- madzi akumwa, osachepera lita imodzi pa munthu, ndi botolo lina lapadera la madzi otsukira m'maso
- kamba wosavunda msanga, monga mtedza, nthochi ndi mbatata yophika
- jumbo yotayamo zinyalala
- foni yodzaza moto, ndi mapepala anu okulolani kukhala m'dziko muno

Za kunkhope:
- mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa
- penti wa kunkhope wosungunula ndi madzi, woyera, wakuda, wobiriwira ndi wagolide
- siponji ziwiri, burashi yopyapyala imodzi ndi ina yokulirapo
- pensulo yakuda ya m'maso
- tonyezimira topangidwira khungu
- paudala wopanda mtundu
- kachidutswa ka neti ya thumba la anyezi kapena malalanje, kochapidwa bwino
- kalilole wamng'ono, sopo wofewa, Vaseline ndi kansalu koyera

Kukonzekera masiku angapo ulendo usanachitike

1. Sankhani malo molingana ndi msinkhu wa ana ndiponso nthano imene mukufuna kukamba.

Kwa ana aang'ono, The Wilds ku Houghton ndiye malo oyenera kuyambira. Ndi nkhalango ya mahekitala 16 yokhala ndi tinjira towaka ndi miyala, kulowa n'kwaulere, ndipo m'mitengo mwake muli akadzidzi achitsulo 67 amene wojambula James Delaney anapachikamo mu 2017 pokumbukira tsiku la Nelson Mandela. Mwana amene anakula akumva kuti kadzidzi akalira padenga ndiye kuti pakhomo pagwa zovuta amapeza mpata wofunsa mafunso, ndipo ntchito yowerenga akadzidziwo imamuyendetsa mtunda wautali osadandaula za miyendo.

Amene amakhala kum'mwera kwa mzindawu ali pafupi ndi Klipriviersberg Nature Reserve, kufupi ndi Mondeor ndi Kibler Park. Kumeneko kuli mbidzi ndi nyumbu, komanso mabwinja a mipanda ya miyala ya midzi ya anthu olankhula Chitswana ndi Chisutu amene ankakhalako golide asanapezeke mu 1886. Mitunda yake ndi yaitali ndipo mthunzi ndi wochepa, choncho malowa ndi a ana okulirapo. Ku Melville Koppies kuli ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo imene katswiri wofukula zakale Revil Mason anafukula mu 1963, ndipo ana amene anamvako za osula makasu a kwathu amaiona ndi maso awo. Chigawo chapakati, komwe kuli ng'anjoyo, chimatsegulidwa Lamlungu m'mawa. Ku Roodepoort kuli Walter Sisulu National Botanical Garden, komwe mumalipira polowa, koma muli mathithi a Witpoortjie otalika pafupifupi mamita 70, ndipo ziwombankhanga zakuda zimamanga zisa pathanthwe la pambali pake. Nthano ya Napolo palibe malo ena mumzinda muno amene imakomera kuposa pansi pa mathithi amenewa.

Chenjezo: nthawi yotsegulira ndi mitengo yolowera zimasintha, choncho funsani kwa oyang'anira malowo sabata yomweyo ya ulendo. Musadalire zimene mnzanu anaona chaka chatha.

2. Gulani zodzola pamalo odalirika ndipo werengani zolembedwa pabotolo.

Mafuta a dzuwa, paudala ndi pensulo ya m'maso mungazipeze ku Clicks kapena ku Dis-Chem. Penti wa kunkhope, mapiko a nsalu, makutu a kalulu ndi timiyala tomata pankhope zimapezeka m'masitolo a zovala za zisudzo ndi maphwando, ndipo ambiri mwa ife timakazifuna ku Fordsburg, mbali ya Oriental Plaza ndi Dragon City, kapena ku China Mall. Kulikonse kumene mwagula, yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, pakhale mndandanda wa zimene anasakanizamo. Chachiwiri, palembedwe kuti n'zopaka pakhungu. Chachitatu, pezani kachithunzi ka kabotolo kotsegula kokhala ndi nambala monga 6M kapena 12M, kamene kamatanthauza miyezi imene chinthucho chingagwire ntchito chikatsegulidwa. Chopanda zolembedwa zilizonse chisiyeni ngakhale chitchipe motani.

Penti wojambulira zithunzi kusukulu, makamaka wa acrylic, sayenera kukhudza nkhope ya mwana, chifukwa akauma amagwira khungu mwamphamvu ndipo amayabwa. Tonyezimira tokongoletsera makhadi tili ndi m'mbali mwakuthwa moti kamodzi kokha kakalowa m'diso kangathe kulikanda. Ndiponso musalole wogulitsa kukukakamizani mafuta oyeretsa khungu ponena kuti mitundu idzaoneka bwino. Dziko la South Africa linaletsa mankhwala oyeretsa khungu otchedwa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, ndipo mafuta otere amafooketsa khungu padzuwa. Khungu lakuda limanyamula golide, mkuwa ndi zobiriwira mokongola kwambiri, bola mudziwe kuyala, monga tifotokozere pansipa.

3. Yesani penti pakhungu kutatsala masiku awiri.

Pakani kadontho ka mtundu uliwonse mkati mwa chigongono cha mwana aliyense, kasiyeni kwa maola angapo, kenako sambitsani ndi kuyang'anira malowo mpaka tsiku lotsatira. Pakatuluka totupa, pakafiira kapena pakayabwa, mwana ameneyo asapentedwe ndi mtundu umenewo. Mupangireni chisoti cha pepala kapena makutu a nsalu. Mwana wa chikanga, zilonda kapena maso ofiira asapentedwe n'komwe, ndipo wosakwana zaka zitatu mungomujambula kanthu kakang'ono padzanja.

4. Gwirizanani za nkhope zimene zili zololedwa.

Apa ndi pamene pafunika akuluakulu akambirane momasuka, chifukwa achinyamata akamafufuza zithunzi pa intaneti amasakaniza zinthu zosayenera kusakanizidwa. Nyama za m'nthano ndi za aliyense: Kalulu, Fisi, Kamba, Njovu, bilimankhwe, kadzidzi. Zilombo za Gule Wamkulu si za m'gulu limeneli. Gule ndi mwambo wa anthu olowa kudambwe, umavinidwa pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu, ndipo bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kujambula nkhope ya mwana mofanizira chigoba cha Nyau kuti mukajambulitse zithunzi n'kupeputsa eni ake, ndipo pagulu lanu lomwelo pangakhale bambo wa ku Dedza, Dowa kapena Mchinji amene sangakuuzeni pamaso koma sadzabweranso ulendo wina.

Ulemu womwewo uperekedwe kwa eni dziko. Nkhope yopakidwa zoyera yonse imafanana ndi ya anyamata a Chixhosa amene ali kuchinamwali, ndipo mikanda yofiira ndi yoyera pamodzi ndi nsalu zina n'zizindikiro za asing'anga a kuno. Mwana wa mlendo wovala zoterezi m'nkhalango amakopa mafunso amene simunakonzeke kuyankha.

Tsiku la ulendo

5. Pentani kunyumba, ndipo tsatirani ndondomeko yake.

Sambitsani nkhope ndi kuiumitsa. Pakani mafuta a dzuwa, kenako dikirani mphindi 15 mpaka 20 kuti alowe m'khungu. Ambiri amalakwitsa pomwepa, chifukwa penti wa madzi sagwira pa khungu la mafuta, ndipo mukafulumira amangoterereka. Pa chifukwa chomwecho Vaseline, amene timakonda kudzoza ana m'mawa, adikire madzulo. Mafuta akalowa, wazani paudala pang'ono pamphumi ndi pamphuno.

Nyowetsani siponji, finyani mpaka isadonthe, ndipo muipake pa penti mozungulira mpaka atalimba ngati phala la mwana. Dindani pakhungu mogogoda, musakhule. Pa khungu lakuda, yambani ndi kuyala penti woyera mopyapyala pamalo okhawo amene mukufuna mtundu wowala, mulole aume, kenako ikani mtunduwo pamwamba. Mizere yakuda imabwera pomalizira penipeni. Siyani mpata wa chala chimodzi kuzungulira diso, ndipo musapente milomo ya ana poti adzadya ndi kumwa m'njira.

Kalulu safuna zambiri: kamphuno kakuda, mizere itatu ya ndevu mbali iliyonse, ndi mano awiri oyera ojambulidwa pansi pa mlomo. Kadzidzi amafuna mizere iwiri yozungulira yagolide pamwamba pa nsidze ndi m'masaya, ndi kamlomo kosongoka pamphuno. Mamba a Napolo kapena a bilimankhwe ndi amene amadabwitsa anthu, koma ndi osavuta. Gwirani neti ya thumba la anyezi mothinitsa pachipumi kapena patsaya, dindani penti wobiriwira pamwamba pake ndi siponji youma pang'ono, onjezerani golide m'mphepete, kenako chotsani netiyo moikweza molunjika, osaikokera pambali. Netiyo ikasuntha pamene mukudinda, mambawo amasanduka chithaphwi, choncho pakhale munthu wachiwiri woigwira. Malizani ndi paudala wochepa.

Langizo langa ndi lakuti mupente theka la nkhope lokha, kuyambira pachipumi kutsikira tsaya limodzi. Mafuta a dzuwa amafunika kupakanso pakatha maola awiri alionse, ndipo simungawapake pamwamba pa penti. Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuposa nyanja yamchere, kotero dzuwa lake limawotcha ngakhale tsiku limene kukuzizira. Mbali yopentedwayo itetezedwe ndi chipewa.

6. Nyamukani m'mamawa, muli gulu.

Fikani pachipata pamene akutsegula. Kuyambira Okutobala mpaka Marichi mvula ya kuno imakonda kubwera masana ndi mabingu ndi mphezi zoopsa, motero konzani kuti pofika 12 koloko mukhale mutatsika. M'miyezi ya Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira kwambiri, udzu umakhala wouma, ndipo moto wolusa suchedwa kubuka, choncho machesi ndi fodya zitsale kunyumba. Akuluakulu akhale osachepera atatu, mmodzi patsogolo, wina pakati, wina kumbuyo. Ndalama zambiri, ndolo ndi unyolo wa m'khosi zisiyeni, ndipo uzani wina wotsala kunyumba kumene mwapita ndi nthawi imene mubwerere. Ngati mwabwera pa Uber kapena Bolt, tsimikizani dzina la chipata chimene mwalowera, chifukwa malo ena ali ndi zipata zingapo zotalikirana.

7. Kambani nthano poima, osati poyenda.

Nthano yokambidwa anthu akukwera chitunda imamveka kwa ana awiri oyandikana ndi wokambayo basi. Sankhani malo atatu kapena anayi a mthunzi, khazikani ana pansi mutayang'ana kaye pansi pa miyala ndi m'udzu, ndipo agogo kapena azakhali ayambe mwa chizolowezi kuti "Padangokhala," ana ayankhe kuti "Tili tonse." Ana obadwira kuno ena sadziwa yankho limeneli, ndiye aphunzitseni m'galimoto musanafike. Kwathu ena amati wokamba nthano masana amamera nyanga; mwana akakukumbutsani zimenezi, ndiye kuti ali ndi womuphunzitsa wabwino kunyumba, ndipo mungamuyankhe kuti mthunzi wa nkhalango tauwerenga ngati madzulo.

Lumikizani nthano ndi chimene chili pamaso panu. Pamathithi kambani za Napolo, chinjoka chimene amati chikasamuka m'phiri kupita kunyanja chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, monga anthu anafotokozera madzi osefukira a ku Zomba mu 1946 ndi a ku Phalombe mu 1991. Auzeni kuti Azulu nawonso ali ndi chinjoka chawo cha m'madzi, Inkanyamba, chimene amati chimakhala pansi pa mathithi a Howick ku KwaZulu-Natal ndipo chimabweretsa namondwe. Mukaona buluzi akuwothera dzuwa pamwala, ndiyo nthawi ya nthano ya bilimankhwe amene Chauta anamutuma kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, koma anayenda mwachidodo mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Nthano yomweyi Azulu alinso nayo, ndipo ana amene amaphunzira Chizulu kusukulu angathe kukuuzani mmene aphunzitsi awo amaikambira. Mwana wopentedwa ngati bilimankhwe ayende monyang'wa pamene wina akuthamanga ngati buluzi, ndipo penti uja wagwira ntchito yake.

Pali mtengo umodzi umene muyenera kuufunafuna. Ndi wa m'banja la masau, wa masamba onyezimira ndi minga iwiriiwiri, wina wowongoka wina wokhota ngati mbedza. Azulu amautcha umlahlankosi, Asutu ndi Atswana mokgalo. Munthu akamwalira kutali ndi kwawo, abale ake amatenga nthambi ya mtengowu, amapita nayo pamene anamwalirira, amalankhula ndi mzimu wake, ndipo amaunyamula m'nthambimo mpaka kumudzi, akuuuza paliponse pamene afika. Ife amene timasonkha ndalama kuti maliro a mnzathu akwere galimoto kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza mpaka kumudzi sitivutika kumvetsa mwambo umenewu, ndipo ana okulirapo angauzidwe pamenepo chifukwa chimene makolo awo amasonkhera. Uonetseni kwa ana koma asathyole nthambi, poti malamulo a malo otetezedwa amaletsa kuthyola zomera.

8. Lemekezani opemphera ndi zimene mwapeza m'njira.

Ku chigawo cha kumadzulo kwa Melville Koppies mipingo ya Chiafirika imasonkhana Lamlungu m'mabwalo ozungulira, ndipo m'mapiri ena a mzindawu mudzakumana ndi anthu ovala zoyera, zobiriwira kapena zabuluu akupemphera okha. Dutsani patali, ana atsitse mawu, ndipo musajambule munthu popanda chilolezo chake. Makandulo, nsalu, ndalama zachitsulo kapena mabotolo zimene mungapeze pamtsinje zinaikidwa ndi eni ake pa zifukwa zawo, ana asazitole. Miyala ya m'mabwinja a ku Klipriviersberg isasunthidwe ndipo pasakhale wokwerapo kuti ajambulitse.

9. Dziwani chochita zinthu zikavuta.

Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo akakhala 30 kapena kucheperapo, tsikani pamtunda nthawi yomweyo ndi kulowa m'nyumba kapena m'galimoto. Musabisale pansi pa mtengo woima paokha kapena pafupi ndi mpanda wa waya, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Njoka ziwiri zofunika kuzidziwa ndi mphiri, imene siithawa koma imangogona m'njira, ndi rinkhals, imene imatukula mutu n'kulavula ululu. Ululuwo ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa, ndiye chifukwa chake botolo lapadera lija lisamwedwe, kenako thamangirani kuchipatala. Munthu akalumidwa, musateme mphini, musayamwe balalo ndipo musamange chingwe; mukhazikeni mtima pansi, vulani mphete ndi zibangili, ndipo mutengereni kuchipatala. Pafoni ya m'manja imbani 112, apolisi ndi 10111, ambulansi ndi 10177.

Mukabwerera kunyumba

10. Chotsani penti ndi kufufuza nkhupakupa tsiku lomwelo.

Thirani sopo wofewa pa penti asananyowe kwambiri, tikitani pang'onopang'ono ndi zala mpaka mitundu isakanikirane, kenako pukutani ndi kansalu konyowa. Mtundu wobiriwira ndi wabuluu umasiya kachizindikiro pakhungu. Pakani Vaseline, dikirani mphindi zochepa, pukutani, ndipo chotsalacho chidzachoka chokha mawa lake. Musakhule ndi chinkhupule. Mukatero yang'anani kuseri kwa makutu, m'tsitsi, m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo. Nkhupakupa ichotsedwe ndi kopanira, moigwira pafupi ndi khungu ndi kuikoka mowongoka. Mwana akayamba kutentha thupi ndi kumva mutu patatha pafupifupi sabata, makamaka ngati pali kachilonda ka nkhanambo yakuda, pitani naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti munali kutchire. Maburashi ndi siponji zichapidwe ndi sopo, ziume bwino musanazisunge, ndipo penti asatsekedwe akadali wonyowa chifukwa amachita nkhungu.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kupentera ana pamalo oimika magalimoto. Kumeneko kulibe madzi osambira m'manja, mphepo imaulutsa tonyezimira, ana ena amatopa kudikira anzawo, ndipo ola lozizira la m'mawa, limene likanakhala loyendera, limathera pamenepo.

Chachiwiri ndi siponji imodzi ya ana onse. Matenda a maso ofiira ndi zipere zimayenda m'njira imeneyi. Dulani siponji yaikulu m'tizidutswa kuti mwana aliyense akhale ndi kake, ndipo pensulo ya m'maso muisongole musanapite kwa mwana wina.

Zovala nazo zimasokoneza. Mikanjo yaitali, mapiko aakulu ndi michira yokwekwereza pansi zimakodwa m'minga ndipo zimagwetsa ana pamiyala. Zinyamuleni m'chikwama, ana azivale poima pokamba nthano ndi pojambulitsa, kenako azivule. Masilipasi ndi nsapato za ku tchalitchi si zoyendera m'phiri. Magalasi oika m'kati mwa diso osintha mtundu wa maso, amene amagulitsidwa pamodzi ndi zovala za zisudzo, asavalidwe popanda kupimidwa ndi dokotala wa maso, ndipo ana asawayandikire n'komwe.

Akuluakulu ena amalakwitsa posankha nthano zoopsa kwambiri. Nkhani za afiti ouluka pa lichero kapena za tokoloshe, amene ana amamva kale kwa anzawo kusukulu, zingasangalatse achinyamata, koma mwana wa zaka zisanu amene wazimvera m'kati mwa nkhalango adzakana kupitanso. Yambani ndi Kalulu, ndipo zoopsazo zidikire gulu la okulirapo.

Pomaliza pali nkhani ya zithunzi. Musanaike chithunzi cha mwana wa mnzanu pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, pemphani makolo ake, ndipo ngati mukufuna kujambula ndi makamera akuluakulu kapena kugulitsa zithunzizo, funsani kaye oyang'anira malowo, chifukwa malo ena amafuna chilolezo chapadera pa kujambula kotere.